Phala, basale, amayi kapena bwalo lowerengera: mudzi uyambire pati kuti mwana wosauka asasiye sukulu?

Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, a mfumu akafunsa kuti mudzi uchitepo chiyani pa sukulu, yankho limakhala lodziwikiratu: tiumbe njerwa, titute mchenga, tisonkhe ya mlonda. Zimenezi n'zofunika ndithu, chifukwa mwana sangaphunzire pansi pa mtengo mu Januwale mvula ili pakati. Koma chipinda chija chikatha, ana omwe ankajomba amajombabe, ndipo mtsikana amene aliyense ankaona kuti safika Sitandade 8 amasiyiradi panjira. Chomwe chinkawavuta anawo sichinali denga.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa adalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chiyambire pamenepo, kulowetsa mwana sukulu ku Malawi si nkhani yovutanso. Chatikanika ndi kumusunga m'kalasimo mpaka amalize, komanso kuti atuluke akudziwa kanthu. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 adapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha pa 100 alionse ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kuyankha mafunso ake. Pa masamu anali 13 okha. Amene ali kumbuyo kwenikweni timawadziwa ndi maina: amasiye amene akuleredwa ndi agogo, ana a matenanti m'minda ya fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, anyamata ongokhalira m'madoko ku Mangochi ndi ku Nyanja ya Chilwa, ana a ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Ndirande amene makolo awo amalawirira kukasaka ganyu, ndi ana olumala amene mwina sanalembetsedwe n'komwe.

Njira zomwe midzi, mipingo, mizikiti ndi magulu a anthu ochokera dera limodzi ayesapo zilipo zingapo, ndipo anthu amazitchula ngati zonse n'zamankhwala amodzi. Sizili choncho. Iliyonse ili ndi vuto lake limene imathetsa, msinkhu wa ana umene imaugwira bwino, ndi katundu amene imasenzetsa mudzi. Funso lina limene sindilisiya pa njira iliyonse n'lakuti: galimoto ya bungwe ikasiya kubwera, ntchitoyi itsala?

Phala

Phala ndilo limaonetsa zotsatira msanga kuposa zonse. Bungwe la Mary's Meals, lomwe adayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, lidayambira ku Malawi kuno mu 2002 ndi ana 200, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno tsiku lililonse la sukulu. WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, nayo yakhala ikupereka chakudya m'sukulu kuyambira 1999. Mgwirizano wake ngwosavuta kumva: bungwe libweretse ufa wa Likuni Phala, wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini, mudzi upereke manja, nkhuni ndi madzi. Amayi a tsikulo amafika kusanache, kusonkha moto pansi pa mphika waukulu, kutakasa ndi mthiko wogwira ndi manja awiri, utsi uli m'maso. Ana amabwera kapu ili m'jumbo pamodzi ndi kope, ena ataimangirira ndi chingwe m'chiuno kuti isasowe. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 akuuzani kuti tsiku limene kwamveka zoti ufa wafika, kalasi imadzaza mpaka pakhomo.

Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 amene wagona ndi njala, palibe njira ina yoposa imeneyi. Mwana wanjala amasinza, samva, ndipo ikakwana 10 koloko amathawa kukasaka mango. Koma phala lili ndi malire ake, ndipo tiwanene poyera. Limabweretsa mwana m'kalasi, siliphunzitsa kuwerenga. Kalasi imene inali ndi ana 90 imafika 130, mphunzitsi ali m'modzi yemweyo, mabuku ali omwewo. Ana okulirapo ena amamwa n'kuzemba. Mnyamata wa zaka 14 amene amapeza ndalama pokoka khoka, kapena mtsikana amene akumunong'oneza za banja, kapu ya phala siingamugwire.

Midzi yambiri imene bungwe silidafikeko imafuna kudziyambira yokha, ndi munda wa sukulu kapena kusonkha chimanga pokolola. Apa ndi pofunika kukhala pansi ndi cholembera musanalonjeze. Titenge magalamu 100 a ufa pa mwana patsiku. Sukulu ya ana 800 ifuna makilogalamu 80 patsiku, omwe ndi matumba 8 a makilogalamu 50 pa sabata, ndipo pa teremu ya masabata 12 ndi matumba 96. Sitidawerengere soya, shuga, mchere, ya chigayo, nkhuni, ndi mankhwala oteteza ku anankafumbwe. Midzi yochuluka imayamba ndi nthungululu mu Seputembala nkhokwe zikadali ndi kanthu, chimanga n'kutha mu Novembala, ndiye pofika Febuluwale, pamene njala yaluma zenizeni, mphika uli chivundikire. Ndikadakhala mu komiti yotere, ndikadati chimanga chisungidwe osakhudzidwa mpaka Januwale, phala liphikidwe miyezi itatu yokha ya njala, ndipo ngati sichikwanira aziyamba ndi makalasi aang'ono. Makiyi a mosungira akhale kwa anthu awiri a mbali zosiyana, ndipo matumba aziwerengedwa pamaso pa anthu, chifukwa mphekesera yoti ahedi kapena tcheyamani watengapo thumba imapha ntchito yotere msanga kuposa chilala. Tikumbukirenso kuti amayi ophikawo ndi osauka omwewo, ndipo m'mawa umene athera pa mphika ndi m'mawa umene sadapite ku ganyu. Kasinthasintha wake akhale wachilungamo, abambo nawo azitema nkhuni ndi kutunga madzi.

Ndalama: basale ndi zina

Mwana akamakula, njala ya m'mimba imasanduka njala ya m'thumba. Yunifolomu, nsapato, makope, sopo, mapadi, ya thiransipoti, ya chigonero: boma lichotse fizi yotani, zimenezi zimatsala pa kholo. Apa ndi pamene ndalama imagwira ntchito imene phala silingagwire.

Dziko lathu lili ndi umboni wake pa nkhaniyi, ndipo anthu a maiko ena amautchula kawirikawiri kuposa ife eni ake. Mu 2008 ndi 2009 ku Zomba, ofufuza Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adatsatira atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Makolo ankalandira pakati pa madola 4 ndi 10 pamwezi, mtsikana mwini wake pakati pa dola 1 ndi madola 5. Ena ankalandira pokhapokha ngati mtsikanayo akupezeka m'kalasi mokwanira, ena ankangolandira popanda lamulo lililonse. Ndalama yokhala ndi lamulo ija idasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo adachitako bwino powerenga Chingerezi. Koma pochepetsa mimba ndi maukwati, idapambana ndi ndalama yopanda lamulo, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankalandirabe, ndiye sankathamangira banja kuti apeze pogwira. Adapezanso kuti ndalama yochepa inkasunga mtsikana pasukulu pafupifupi mofanana ndi yochuluka. Atabwereranso patapita zaka ndalamazo zitasiya, zabwino zambiri zinali zitazilala, kupatula kwa atsikana amene anali atasiya kale sukulu n'kubwezedwa ndi ndalamayo, omwe phindu lawo lidakhalitsa.

Kwa gulu la mpingo, la ophunzira akale, kapena la pa WhatsApp la anthu a kumudzi amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain, phunziro lake n'lomveka. Kulonjeza pang'ono kwa zaka zinayi zonse za sekondale n'kwabwino kuposa kupereka zambiri teremu imodzi n'kukhala chete. Mwana amene walipiriridwa Fomu 1 n'kusiyidwa mu Fomu 2 amabwerera kumudzi ndi manyazi amene mnzake wosapitako alibe. Ndiponso kudula thandizo tsiku lomwelo mtsikana akapezeka ndi pathupi, monga magulu ambiri amachitira pofuna kupereka chitsanzo kwa ena, ndi kumukankhira kumene tinkamuletsa. Bungwe la CAMFED, lomwe lidayambira ku Zimbabwe mu 1993 n'kufika ku Malawi mu 2009, lidazindikira kuti fizi payokha siikwanira. Limaperekanso yunifolomu, nsapato, makope ndi mapadi, ndipo atsikana amene adamaliza amabwerera kudzalangiza anzawo apambuyo.

Chovuta cha basale ndi kusankha. Ndalama imakwanira ana asanu, ofunika ali makumi asanu. Mndandanda ukalembedwa m'chipinda, umatuluka ndi mphwake wa mfumu ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Ukalembedwa ndi aphunzitsi okha, umatuluka ndi anzeru okhaokha, pamene mwana wosaukitsitsa nthawi zambiri sakhoza bwino, chifukwa amajomba ndiponso amagona ndi njala. Maina awerengedwe pabwalo, ndipo amayi amene amadziwa za m'makomo akhale ndi liwu. Mabanki mkhonde ena amapatula kathumba ka maphunziro pogawana kumapeto kwa chaka. Ndalama yake ndi yochepa, koma imafika pa nthawi yake, ndipo siidikira wina wa kunja kuti akumbukire. Pali ntchito inanso yosalira ndalama: Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amawonjezera kangachepe pa mwana aliyense wa pasukulu m'banja lolandira. Komiti ya sukulu ingathe kuonetsetsa kuti ana a m'mabanja amenewo alidi m'kalasi.

Amayi a Mother Group ndi malamulo a mafumu

Pafupifupi sukulu iliyonse ya boma ili ndi Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lolondola ana kuti asasiye sukulu, ina yamoyo, ina ya papepala chabe. Pamene ili yamoyo, ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo imachita chinthu chimene bungwe lililonse silingagule: imamudziwa mwana ndi dzina, ndi kwawo, ndi chimene chachitika pakhomopo. Mayi wa gululi akamva kuti Uje wajomba masiku atatu, amamanga chitenje n'kupita. Amafika ndi odi, kulonjerana ndi agogo, kufunsa za m'munda, kenako n'kufunsa kuti mdzukuluyu bwanji sitikumuona. Pamenepo ndi pamene zimadziwika kuti yunifolomu idang'ambika kumbuyo, kapena wayamba kusamba ndipo alibe chovala, kapena amalume amutengera ku msika kukagulitsa mandasi. Mavuto ambiri otere ndi aang'ono akagwidwa sabata yoyamba. Akatha mwezi, mwanayo amachita manyazi kubwerera, ndipo nkhani imakhala yatha. Amayiwa amasoka mapadi ochapa, amalima kamunda ka gulu kuti agulire ana sopo ndi makope, ndipo amaperekeza atsikana amene adabereka kuti akayambirenso, potsata ndondomeko ya boma yolola zimenezi imene idayamba mu 1993.

Mphamvu za mafumu zimabwera pamene amayi alephera ndi mawu ofatsa. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idadziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa nyakwawa zimene zinkawavomereza. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti atseke mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wocheperapo. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti atsikana 42 pa 100 alionse ankakwatiwa asanakwane zaka 18, choncho mfumu imene yaima nji pa nkhaniyi ikuchita chinthu chachikulu. M'midzi ina ya chigawo chapakati, ngakhale gule wamkulu amatuluka m'mawa kupirikitsa ana ojomba kuti apite ku sukulu.

Komabe pa chindapusa ndili ndi mawu. Lamulo loti kholo la mwana wojomba lipereke nkhuku kapena mbuzi limagwira bwino pa bambo amene ali nazo koma akutuma mwana kubusa. Kwa agogo amene akulera adzukulu anayi ndi khasu limodzi, chindapusacho ndi kuwonjezera mwala pa mtolo umene ukuwalemera kale, ndipo chotsatira chake amangoyamba kubisa mwanayo. Chimodzimodzi kuchotsa mtsikana ku banja n'kumubwezera ku nyumba ya njala imene adathawa: popanda wolera khanda, popanda sopo, anzake akumuseka kuti mayi, sachedwa kubwerera kwa mwamuna uja. Lamulo la mfumu likufunika kuyenda pamodzi ndi kathumba ka thandizo. Lokha, limangotulutsa chiwerengero chokoma kuwerenga pamsonkhano.

Zina ziwiri. Gulu la amayi likhale ndi mtima wonena ngakhale wolakwayo ali mphunzitsi kapena wachibale wa mfumu. Nkhani yogwirira mwana si yokambirana pakhonde n'kulipitsana mbuzi: ipite ku Victim Support Unit ya polisi, kwa woona za chitetezo cha ana wa m'deralo, kapena pa nambala yaulere ya 116. Ndipo anyamata tawaiwala. Maso onse ali pa atsikana, pa zifukwa zomveka, koma ku madoko, m'minda ya fodya ndi m'maboma momwe mnyamata aliyense akulota za ku Joni, anyamata akutha m'makalasi apamwamba popanda wowalondola. Mayi wa Mother Group sangamutsatire mnyamata wa zaka 15 ku doko usiku. Pamafunika abambo, eni makoka, ashehe ndi abusa.

Bwalo lowerengera masana

Njira imene ndimaiikira kumbuyo kwambiri ndi imene midzi imaiganizira pomaliza, mwina chifukwa ilibe chooneka ndi maso ngati chipinda kapena mphika. Taonani mmene mwana wosauka amasiyira sukulu. Msinkhu woyambira ndi zaka 6, koma iye amayamba ali ndi 8 chifukwa sukulu ili kutali ndipo pali mtsinje. M'kalasi ya ana oposa 100 amakhala kumbuyo, akuyankha nawo mokuwa zimene anzake akunena, koma chilembo ngakhale chimodzi sakuchizindikira. Abwereza Sitandade 1, abwerezanso Sitandade 3. Pofika Sitandade 5, pamene maphunziro onse kupatula Chichewa ali m'Chingerezi, ali ndi zaka 14 kapena 15, wamtali kuposa onse, ndipo Chichewa chomwe sachiwerenga bwino. Tsiku limene asiye, anthu adzati umphawi kapena mimba. Zoona zake n'zakuti adatayika kalekale ali mu Sitandade 2, ndipo palibe adaona. Kholo losauka nalo limawerengera: mwana wapita zaka zisanu koma sangandiwerengere kalata ya ku chipatala, ndimutayirenji nthawi ya ganyu?

Mankhwala ake adayesedwa. Bungwe la Pratham ku India lidapeza njira yoyamba ndi kuyesa mwana aliyense payekha, n'kuika ana m'magulu potengera zimene akudziwa, osati kalasi imene ali. Anzathu a ku Zambia adaitenga mu 2016 pansi pa dzina loti Catch Up, ndipo mwa maboma oyambirira munali Chipata ndi Katete, komwe ana amaphunzira m'Chinyanja chomwechi. Kuno Save the Children idayambitsa timagulu towerenga m'midzi ya ku Zomba mu 2009, ndipo boma lidayambitsa ndondomeko yake yophunzitsira kuwerenga m'sukulu zonse za pulayimale mu 2016. Mwayi wathu ngwakuti Chichewa chimalembedwa monga momwe chimamvekera. Mwana akagwira a, e, i, o, u ndi maphatikizo ake, chitseko chimatseguka m'miyezi yochepa.

Kachitidwe kake n'kotere. Mtsikana kapena mnyamata amene adalemba MSCE ndipo ali pakhomo, omwe mudzi uliwonse uli nawo, amakhala ndi pepala limodzi lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Amaitana ana m'modzim'modzi, osati pagulu, n'kuona pamene aliyense wakakamira. Osadziwa zilembo akhale pawokha, odziwa maphatikizo pawokha, owerenga modukizadukiza pawokha. Mnyamata wa Sitandade 5 akhoza kupezeka pamodzi ndi wa Sitandade 2, ndipo wophunzitsayo ayenera kudziwa kumuteteza ku chipongwe. Zipangizo zake ndi makatoni odula timakadi, makala olembera, zitsekerero za mabotolo zolembapo zilembo, ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi pophunzira masamu. Mwana amatola chitsekerero cha m, n'kuchigundanitsa ndi cha a, n'kunena yekha kuti ma, kenako n'kusaka yekha zopangira mawu oti mame. Ola limodzi masana, katatu pa sabata, ana osapitirira 20 pa munthu m'modzi. Pakatha mwezi ndi theka ayesedwenso, amene wakwera asamukire gulu lina. Kwa ana amene kunyumba amayankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, wophunzitsa wa m'mudzi momwemo ali ndi chida chimene mphunzitsi wochokera kutali alibe, chifukwa angathe kufotokoza m'chiyankhulo cha pakhomo.

Pofooka pake ndi pa anthu. Wongodzipereka amatopa, amakwatiwa, amapita ku tauni, kapena amayamba kulipiritsa, bwalo lija n'kusanduka pati taimu ya ana a anthu opezako bwino, osauka aja n'kutsalanso panja. Ena amangotengera kaphunzitsidwe kokuwitsa ana pamodzi komwe adakulira, ndiye palibe chosintha. Mabwalo ambiri amene adayamba ndi mabungwe adatha tsiku limene alawansi ndi matisheti zidasiya kubwera. Mudzi umene ukufuna kuti lake likhalitse ugwirizane poyambirira mmene uzimuthokozera wophunzitsayo: kumuchotsa pa ntchito zina za chitukuko, kumupalirira munda tsiku limodzi, kumupatsa ndowa ya chimanga pokolola, kumulembera kalata yomuchitira umboni akamafunsira malo ku koleji ya aphunzitsi. Aphunzitsi a pasukulupo akhale nawo kuyambira tsiku loyamba, kuti asaone ngati akunyozedwa. Ndipo bwalo likhale poonekera, masana, pali wamkulu wina wachiwiri, chifukwa ana osauka ndi amenenso amagwiriridwa mosavuta.

Poyerekeza ndi phala, bwaloli silifuna matumba 96. Poyerekeza ndi basale, silisankha asanu n'kusiya makumi anayi ndi asanu. Koma mwana wanjala sangakhale ola lina masana, choncho m'miyezi ya njala bwalo ndi phala zimafunana.

Zina zoti muzidziwe

Sukulu za mkombaphala, zimene zili m'midzi masauzande ambiri ndipo zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka, zimathandiza pa vuto loyamba sukulu mochedwa lija. Mwana amene wazolowera kudzuka, kukhala pagulu ndi kugwira cholembera amalowa Sitandade 1 pa zaka 6 osaopa. Mmera mpoyamba ndithu. Koma zambiri zimatseguka ndi kutsekeka potengera ngati kuli ufa, ndipo phindu lake limaoneka patapita zaka, choncho zimafuna mudzi wopirira.

Matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene boma lidayamba mu 2023 kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 pogwiritsa ntchito maphunziro a bungwe la onebillion, amalola mwana aliyense kuyenda pa liwiro lake. Si chinthu chimene mudzi ungadziyambire. Gawo lanu ndi kulondera mabatire ndi masola ake, ndi kuonetsetsa kuti ana ojombajomba aja nawo akugwirako.

Mtunda ndi nkhani ya ku sekondale makamaka. Ma CDSS, amene adapangidwa mu 1998 kuchokera ku malo ophunzirira patali akale, ndiwo amalandira ana ambiri a kumudzi, ndipo ena amayenda maola awiri kupita, awiri kubwera. Makolo amathawira ku self-boarding, kuchitira mtsikana lendi kachipinda pa tiredingi senta n'kumusiya ndi kathumba ka ufa. Pa njira zonse zimene ndatchula, iyi ndiyo ndimaiopa: ufa ukatha pakati pa mwezi, amene amabwera ndi thandizo ndi wa kabaza kapena wa golosale, ndipo thandizo lake lili ndi mtengo. Njinga ndi yabwinopo ngati pali wokonza ndiponso ngati abambo saitenga kupita nayo ku msika. Chigonero chokhala ndi mpanda ndi mayi woyang'anira ndicho chenicheni, ndipo ngati mudzi ukufunadi kumanga kanthu, apa ndi pamene thukuta lake lingapindule kwambiri. Pamene chigonero kulibe, Mother Group ipeze mabanja odalirika pafupi ndi sukulu oti azisunga atsikana awiriawiri.

Kwa ana amene adasiya kalekale ndipo sangakhale pa benchi limodzi ndi tiana, kuli maphunziro apadera a CBE amene boma lidayamba kuyesa mu 2006. Funsani kwa mlangizi wa sukulu wa zoni yanu ngati aliko m'dera lanu.

Nanga musankhe iti?

Musanasankhe, komiti ipemphe kaundula wa m'makalasi mu Febuluwale, pamene kujomba kwafika pachimake, n'kulemba dzina la mwana aliyense amene wajomba masiku oposa asanu m'mweziwo. Amayi agawane mainawo, ayende m'makomo, abwere ndi chifukwa cha aliyense. Tsiku lina, achinyamata awiri ayese ana onse a Sitandade 3 ndi 4 ndi pepala lowerengera lija. Mapepala awiriwa ndiwo akuuzeni kolowera, osati zimene mudzi woyandikana nawo ukuchita.

Ngati ojomba ambiri ndi aang'ono ndipo chifukwa chake ndi njala, phala la miyezi itatu. Ngati ana akubwera koma theka la Sitandade 4 silitha kuwerenga ndime, ndipo m'sukulu zambiri mudzapeza choncho, bwalo lowerengera liyambe sabata yotsatira, chifukwa silidikira chilolezo kapena ndalama ya wina. Ngati akutha ndi atsikana a Sitandade 6 mpaka 8, dzutsani Mother Group, ipatseni kamunda ndi kathumba kake, a mfumu aime kumbuyo kwake. Mudzi wopanda bungwe lililonse, wopanda ana ake olemera kutauni, ungathe kusenza ziwiri: amayi olondola ojomba ndi bwalo lowerengera. Zonsezi zimadya nthawi ya anthu osati ndalama, ndipo zimagwira ana onse osati osankhidwa.

Amene muli kutali ndipo chimene muli nacho ndi ndalama, yanu ndi basale, koma muiike pa malo amodzi opapatiza kwambiri: pakati pa kutuluka kwa zotsatira za PSLCE ndi tsiku lotsegulira Fomu 1. M'masabata ochepa amenewo mwana amene wasankhidwa pakati pa ambiri amataya malo ake chifukwa chosowa yunifolomu, chikwama, bulangete ndi ya basi. Ndalamayo ikhale itasonkhedwa mayeso asanalembedwe, dzina la mwana ligwirizanidwe pabwalo, ndipo gulu lilembe m'buku lake kuti lamutenga mpaka Fomu 4, kuphatikizapo chaka chimene angadwale, kulephera kapena kubereka n'kubwereranso.